Kayendetsedwe ka sikuta yamagetsi m'misewu ya ku Thyolo ndi ku Mulanje

Chifukwa cha kusowa kwa petulo ndiponso kukwera kwa mtengo wake m'zaka zaposachedwapa, anthu ena ayamba kugula njinga zoyendera batire, zimene ambiri amangozitchula kuti masikuta. Zilipo za mitundu iwiri. Mtundu woyamba uli ndi mpando ndipo umaoneka ngati njinga yamoto yaing'ono, pamene wachiwiri ulibe mpando, ndipo woyendetsa amaimirira pa chopondera atagwira chiwongolero. Malangizowa akukhudza mitundu yonse iwiri, ndipo pomwe pali kusiyana ndatchula.

Chofunika kuchigwira kuyambira pachiyambi n'chakuti masikuta ambiri anapangidwira misewu yosalala ya m'mizinda yopanda zitunda. Matayala ake ndi aang'ono, mabuleki ake ndi opepuka, ndipo mota yake simveka. Kwathu kuno msewu umakwera n'kutsika, umakhota pakati pa minda ya tiyi, umanyowa miyezi yambiri pachaka, ndipo umagawidwa pakati pa malole, maminibasi, akabaza, mathirakitala ndi anthu oyenda pansi. Zimene sikuta ilibe, woyendetsa ndiye ayenera kuzikwaniritsa ndi maso ake, manja ake ndi kuleza mtima kwake.

Musanalowe nayo mumsewu

Yambani ndi mapepala. Malamulo a pamsewu a dziko lino, omwe maziko ake ndi Road Traffic Act ya 1997, amafuna kuti njinga yamoto ikhale yolembetsedwa ndi ya inshuwalansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi komanso avale chipewa choteteza mutu. Musangomva za wogulitsa akamati sikuta ndi chimodzimodzi njinga yakapalasa. Tengani mapepala osonyeza mphamvu ya mota ndi liwiro lake, mupite nawo ku ofesi ya Road Traffic ku Blantyre, akakuuzeni gulu limene sikuta yanuyo ili ndi zimene muyenera kukhala nazo.

Kenako phunzirani kuyendetsa pamalo pomwe palibe magalimoto, monga pa bwalo la mpira lomwe lauma. Njinga yamoto ya petulo imamuchenjeza munthu ndi phokoso, ndipo imafuna giya isanasunthe, koma sikuta yoyatsidwa imangokhala chete ngati yozima, ndipo mukangopotokola chogwirira cha moto imadzambatuka ndi mphamvu zonse nthawi yomweyo. N'chifukwa chake muzolowere kuyatsa mutakhala kale pampando, zala zili pa buleki, ndi kuzima kiyi musanatsike. Pabwalopo yesani zinthu zitatu mobwerezabwereza: kunyamuka pang'onopang'ono, kukhota mozungulira miyala iwiri yomwe mwaiika motalikirana, ndi kuima mwadzidzidzi pa mzere womwe mwajambula pansi. Pa kuima mwadzidzidzi finyani mabuleki onse awiri, moyamba mofatsa kenako molimba, thupi mutalikankhira kumbuyo. Pa sikuta yoimirira phazi limodzi likhale kutsogolo, lina kumbuyo, mawondo opindika, chifukwa munthu woimirira njo amaponyedwa pamwamba pa chiwongolero tayala lakutsogolo likangoima.

M'mawa uliwonse, musananyamuke, iyang'aneni. Finyani buleki iliyonse payokha kwinaku mukukankha sikuta, ndipo ngati chogwirira chikufika pa chiwongolero tayala lisanagwire, buleki imeneyo yatha kapena yakhwefuka, ikonzeni musanapite kulikonse. Dinani matayala, ndipo mpweya wake ukhale wofanana ndi umene unalembedwa m'buku la sikutayo. Gwedezani chiwongolero ndi matayala kuti mumve ngati pali bawuti yomasuka, chifukwa misewu yafumbi ya m'maesiteti imamasula mabawuti msanga. Pa sikuta yoimirira onetsetsani kuti loko wa pomwe imapindikira watsekeka bwino. Malizani ndi magetsi akutsogolo ndi akumbuyo, maindiketa ndi hutala.

Chipewa ndi zovala

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo kuvala bwino chipewa kumachepetsa chiopsezo cha kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 pa 100 alionse. Mawu ofunika pamenepa ndi akuti kuvala bwino. Chipewa chongoikidwa pamutu lamba akulendewera chimavuka munthu asanafike pansi, ndipo chipewa cha anthu omanga nyumba sichinapangidwire ntchito imeneyi. Sankhani cha njinga yamoto, makamaka chophimba ndi chibwano chomwe, chifukwa wogwa pa sikuta kawirikawiri amagwa chafufumimba, nkhope patsogolo. Yang'anani chizindikiro cha ECE kapena DOT, chosonyeza kuti chipewacho chikukwaniritsa miyezo ya chitetezo. Chikugwireni mutu osagwedera, ndipo lamba mum'mange mpaka pansi pa chibwano pazingolowa zala ziwiri zokha. Chipewa chimene chinamenyekapo pa ngozi musachikhulupirirenso, ngakhale chioneke chabwino kunja.

Valani nsapato zotseka, osati masilipasi, komanso jekete yowala imene imanyezimira ikaunikidwa. Amayi ovala chitenje kapena diresi lalitali aone kuti nsalu siikulendewera pafupi ndi tayala lakumbuyo.

Mukalowa mumsewu waukulu

Yendani kumanzere, koma osati pa mlomo penipeni pa tala. M'mphepete ndi momwe mumakhala mchenga, timiyala ndi tala wodyeka, ndipo tayala laling'ono likatsikira m'dothi limavuta kubwerera. Tayala la njinga yamoto ya kabaza nthawi zambiri limakhala la mainchesi 17 kapena 18, la sikuta yokhala ndi mpando 10 mpaka 12, ndipo la yoimirira 8 mpaka 10 basi. Dzenje limene wakabaza amangolidumpha osalimva likhoza kumeza tayala la sikuta n'kukugwetsani. Choncho maso akhale patali, muone dzenje lisanafike, muchepetse liwiro, muyang'ane kumbuyo, kenako mulizembe. Kulizemba mwadzidzidzi osayang'ana kumbuyo n'koopsa kuposa dzenjelo. Mahampu ndi njanji, monga ya ku Luchenza, muziwoloka pang'onopang'ono ndiponso molunjika, osati mopingasa.

Nkhani ya kusamveka kwa sikuta ndiyofunika kuilingalira bwino. Anthu a kuno anazolowera kuwoloka msewu ndi khutu. Mayi amene wasenza dengu la nthochi sangatembenuze khosi msanga, ndiye amamvetsera, ndipo akapanda kumva injini amalowa mumsewu. Chimodzimodzinso othyola tiyi amene amayenda m'magulu m'bandakucha, ana a sukulu, ndi wanjinga amene wamanga matumba a makala omwe akumutchinga kumbuyo. Onsewa muziwatenga ngati anthu amene sakudziwa kuti mukubwera. Lizani hutala kamodzi mukadali patali, muchepetse liwiro, ndipo mudutse mowapatsa mpata. Kuliza hutala mutafika kale pamsana pa munthu kumamudzidzimutsa, ndipo wodzidzimuka akhoza kulumphira mbali imene inu mukudutsira.

Pa malo a malonda monga Bvumbwe, Luchenza, Chonde, Nkando, Chitakale ndi Limbuli, makamaka tsiku la msika, liwiro lanu lisapose la munthu wothamanga pang'ono. Minibasi imaima paliponse pomwe kondakitala waona munthu, chitseko chake chili kumanzere, ndipo otsika amatulukira mbali yomweyo imene inu mukuyenda. Musadutse pakati pa minibasi yoima ndi m'mphepete mwa msewu. Mukamatsatira galimoto, siyani mpata wa masekondi atatu: galimotoyo ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, werengani mpaka katatu mosafulumira musanafikepo inuyo.

Malole akuluakulu opita ku Muloza kapena onyamula tiyi muziwaopa moyenera. Ngati simukuona galasi la dalaivala, iyenso sakukuonani. Lole ikafuna kukhotera kumanzere imayamba yapatukira kumanja, ndipo mpata umene umatseguka kumanzereko umanyenga, chifukwa matayala akumbuyo amadzadutsa pomwepo. Musalowemo. Lole ikamakupitirirani gwirani chiwongolero ndi manja onse awiri, chifukwa mphepo yake imakankha sikuta yopepuka kenako n'kuikokera mkati.

Za liwiro, masamu ake ndi osavuta. Pa makilomita 25 pa ola mumayenda pafupifupi mamita 7 pa sekondi imodzi, ndipo pa makilomita 40 mumayenda mamita 11. Sekondi imeneyo ndi imene imatha kuchokera pomwe maso aona mbuzi mpaka pomwe zala zafinya buleki. Komanso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti mabuleki akuimitseni umawirikiza kanayi. Ku France masikuta oimirira saloledwa kupitirira makilomita 25 pa ola ndipo ku Germany malire ndi 20, chonsecho misewu yawo ndi yosalala. Pali anthu amene amauza amakanika kuti achotse chipangizo choletsa liwiro. Ine ndimaona kuti kutero n'kulakwa kwakukulu, chifukwa mota imawonjezera mphamvu koma mabuleki ndi matayala amakhala omwe aja.

Zitunda ndi mitsetse

Apa ndi pomwe woyendetsa wa ku Thyolo amasiyana ndi wa mumzinda, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Kuchokera ku Bvumbwe kupita ku Thyolo Boma, komanso kuchokera pa Boma kutsikira ku Luchenza, msewu wa M2 uli ndi mitsetse yaitali ndi makhona obisika ndi tiyi kapena mitengo ya bulugamu. Msewu wa ku Makwasa ndi Thekerani ndiye wokhotakhota kwambiri. Pamtsetse sikuta imathamanga kuposa liwiro limene mota yake imafika, chifukwa chimene chikuikoka ndi kulemera kwanu, ndipo ilibe giya yoti muigwire nayo monga amachitira wa njinga yamoto. Ntchito yonse imagwera mabuleki.

Choyamba, chepetsani liwiro mukadali pamwamba, mtsetse usanayambe. N'kosavuta kusunga liwiro lochepa kusiyana ndi kubweza liwiro lomwe lakula kale. Chachiwiri, musafinye buleki mosalekeza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Buleki yofinyidwa nthawi yaitali imatentha, ndipo ikatentha imayamba kugwira mofooka, mwinanso pa nthawi imene mukuyandikira mlatho wa kumunsi. Finyani onse awiri molimba ndithu mpaka liwiro litsike, mutaye pang'ono kuti apume, kenako mufinyenso. Mukamva fungo lopserera kapena chogwirira chikayamba kufewa, imani pamalo ooneka bwino mudikire kuti azizire. Musawathire madzi ndipo musawakhudze ndi dzanja.

Chachitatu, malizani kuchepetsa liwiro musanalowe pakhona, sikuta ikadali chilili. Kufinya buleki yakutsogolo mwamphamvu mutapendekeka kale pakhona kumatsetsereketsa tayala, ndipo kugwa kwake kumachitika munthu asanazindikire n'komwe. Pakhona maso ayang'ane kumene mukufuna kutulukira, ndipo musadule khona kulowa mbali ya kumanja ngakhale msewu uoneke wopanda kanthu.

Pali chinthu china chimene ogulitsa ambiri safotokoza. Masikuta ena ali ndi buleki yamagetsi, imene imagwiritsa ntchito mota kuchepetsa liwiro kwinaku ikubwezera moto m'batire. Batire likakhala lodzaza, moto umenewo umasowa kolowera, ndipo pa masikuta ambiri buleki yamagetsiyo imafooka kapena kusiya kugwira. Ndiye kuti munthu amene watchaja usiku wonse n'kuyamba ulendo wake ndi mtsetse, monga wokhala ku Bvumbwe amene amagwira ntchito pa Boma, angapeze kuti sikuta siikugwira monga inachitira dzulo madzulo. Pa makilomita oyambirira dalirani mabuleki a m'manja ndipo muyambe kufinya msanga.

Pokwera chitunda vuto ndi lina. Mota imakoka moto wambiri, imatentha, liwiro limatsika, ndipo batire likakhala lochepa sikuta ikhoza kuzima pakati pa chitunda, kumbuyo kukubwera lole. Musayende mokhotakhota pofuna kuithandiza kukwera. Ikalemedwa patukani, muzime kiyi, mutsike, muikankhe muli kumbali ya kunja kwa msewu. Mtunda woyenda ndi batire lodzaza umene unalembedwa pa katoni unayesedwa pamalo athyathyathya ndi munthu wopepuka, choncho kuno musauwerengere wonse. Konzani ulendo mwakuti pofika kunyumba m'batire mukhale mutatsala gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kumbukirani kuti ngati popita munatsika, pobwerera mudzakwera.

Mvula, chiperoni ndi mdima

Mbali ya kummwera kwa phiri la Mulanje ndi amodzi mwa madera amene amalandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo ngakhale dzinja litatha, pakati pa May ndi August kumabwera chiperoni ndi mawawa ake ndi chifunga. Tala amaterera kwambiri mvula ikangoyamba, pamene madzi akusakanikirana ndi fumbi ndi mafuta otayika. Malo oopsa kwambiri ndi pomwe msewu wa esiteti ukulowa mumsewu waukulu, chifukwa mathirakitala okoka ngolo za tiyi amasiyapo dothi lofiira lomwe likanyowa limaterera ngati therere. Mukaona tala wasanduka wofiira, tsitsani liwiro musanafikepo, mudutse molunjika osafinya buleki komanso osawonjezera moto.

M'chifunga yatsani magetsi ngakhale ndi masana, ndipo liwiro likhale loti mutha kuima mkati mwa mtunda umene mukuuona. Musawoloke madzi amene afika pa chopondera kapena pakati pa tayala, chifukwa pa masikuta ambiri batire limakhala pansi ndipo mota ili m'tayala lakumbuyo, komanso pansi pa madzi akuda pamabisala maenje. Aliyense amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023 akudziwa mmene mitsinje yochokera m'phiri imadzazira mofulumira. Madzi oyenda adikireni aphwe. Usiku ndi bwino kusayenda ngati palibe chokakamiza, popeza nyali ya masikuta ambiri siunika patali.

Makhalidwe amene amadzetsa ngozi

Pa sikuta yoimirira pamakwera munthu mmodzi basi. Pa yokhala ndi mpando, nyamulani munthu pokhapokha ngati ili ndi mpando ndi zopondera za wachiwiri, nayenso avale chipewa, ndipo musapyole kulemera kumene kunalembedwa m'buku lake. Mwana wamng'ono musamuimike kutsogolo pakati pa miyendo yanu, chifukwa mukaima mwadzidzidzi nkhope yake ndi imene imamenya chiwongolero, thupi lanu likumukanikiza kumbuyo, ndiponso dzanja lake likhoza kupotokola moto. Katundu musamukoloweke pa chiwongolero. Mumangeni pansi kapena kumbuyo, molimba, ndipo asatulukire m'mbali.

Foni ikhale m'thumba. WHO imanena kuti woyendetsa amene akugwiritsa ntchito foni amakhala pa chiopsezo chochita ngozi kuwirikiza pafupifupi kanayi, ndipo pa sikuta ndiye zimanyanya chifukwa tayala laling'ono siliwongoleka ndi dzanja limodzi. Zomvetsera za m'makutu nazonso zichoke, popeza makutu ndi amene amakuuzani kuti kumbuyo kukubwera lole. Ikaitana foni, patukani muime.

Mowa ndi chamba siziyenderana ndi chiwongolero cha mtundu uliwonse, ndipo maganizo akuti sikuta ndi kanthu kakang'ono komwe munthu angabwerere nako kuchokera kumowa ndi olakwika, chifukwa chinthu choyamba chimene mowa umalanda ndi kukhazikika kwa thupi. Ana musawapatse kiyi. Ku France ndi ku Germany mwana wosakwana zaka 14 saloledwa kuyendetsa sikuta yoimirira, ndipo mzinda wa Paris unachotsa masikuta obwereketsa m'misewu yake mu September 2023, anthu ataponya voti mu April chaka chomwecho, zina mwa zifukwa zake zikukhudza ngozi ndi kayendetsedwe kosasamala.

Ngozi ikachitika

Zimani kiyi, ndipo wina aike nthambi pamsewu mbali zonse ziwiri, patali ndithu, makamaka ngati ndi pakhona. Wovulala amene akudandaula khosi kapena msana musamudzutse mokoka, musamukhazike pa njinga ya kabaza, ndipo chipewa musamuvule pokhapokha ngati chikumulepheretsa kupuma. Pezani galimoto, anyamulidwe ndi anthu angapo, mutu ndi thupi zili mowongoka. Pomwe pakutuluka magazi kanikizanipo ndi chitenje choyera osachotsachotsa, ndipo amene wakomoka musamumwetse madzi. Munthu amene wamenya mutu apite kuchipatala ngakhale akuyenda yekha, makamaka ngati akusanza, akuodzera, akulankhula zosokonekera, kapena magazi kaya madzi akutuluka m'khutu kapena m'mphuno. Dziwiranitu chipatala chapafupi pa njira imene mumayenda, kaya ndi cha boma cha Thyolo, cha boma cha Mulanje, cha Malamulo ku Makwasa kapena cha Mulanje Mission, ndipo nkhani ya ngoziyo ikanenedwe kupolisi.

Kutchaja mukafika kunyumba

Musalumikize tchaja mutangofika. Batire limene lakwera zitunda limakhala lotentha, choncho lidikireni lizizire, ndipo ngati mwayenda pamvula pukutani polumikizira paume. Gwiritsani ntchito tchaja imene inabwera ndi sikutayo, kapena ina yofanana nayo ndendende, chifukwa mabatire amasiyana: ena ndi a mavoti 48, ena 60, ena 72, ndiponso tchaja ya batire la asidi siyoyenera batire la lithium. Yambani kulumikiza ku sikuta, kenako kukhoma, ngati buku lake silikunena zina. Pewani mawaya olumikizalumikiza ndi soketi imene yadzaza kale ndi zipangizo zina.

Malo otchajira akhale ouma, odutsa mphepo, pa simenti, kutali ndi matiresi, makatani, mbaula ndi zigubu za mafuta. Musatchajire m'chipinda chogona kapena pakhomo lotulukira, chifukwa batire la lithium likayaka limayaka mofulumira ndi utsi wapoizoni, ndipo khomolo ndi limene banja lonse liyenera kuthawirapo. Tchajani muli maso, ndipo likadzaza chotsani. Magetsi akazima muli mkati motchaja zulani tchaja kukhoma, mudzalumikizenso akabwera n'kukhazikika.

Batire limene latupa, lang'aluka, lamizidwa m'madzi, kapena likutulutsa fungo lachilendo musalitchajenso. Litulutseni panja, pamalo opanda udzu ndi kutali ndi ana, mpaka alione munthu wodziwa za mabatire. Likayamba kufuka kapena kulira, tulutsani anthu onse, muime patali mbali imene mphepo ikuchokera, ndipo muitane thandizo. Batire lotha ntchito musaliponye m'moto, m'chimbudzi kapena mumtsinje, koma mulibweze kwa amene amagulitsa kapena kukonza mabatire.